Jogalafe Si Phunziro Lotolera Aliyense

Pali bodza limene lazika mizu m'sukulu zathu za sekondale, lakuti jogalafe angaphunzitse aliyense malinga ali ndi choko ndi buku. Ine ndikukana. Masamu timawafunira katswiri, koma nkhani za miyala, nthaka ndi madzi timangoponyera mphunzitsi amene wapezeka ndi mpata.

Gwero lake tikulidziwa. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana anasefukira, sukulu za MCDE n'kusanduka ma CDSS, ndipo aphunzitsi ambiri a pulayimale anakwezedwa osasulidwanso. Sindikuwanyoza ayi. Anasenzetsedwa mtolo umene sanamange okha.

Taonani kuno ku Dedza. Tili ndi phiri lofika mamita pafupifupi 2,200, mapanga a Chongoni amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, ndiponso dongo la ku Linthipe loumbira mbale. Msewu wa Khwekhwerere umatsetsereka pakhoma penipeni pa chigwa cha Rift Valley, chimene ming'alu yake inagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu 2009. Komatu mwana wa Fomu 3 amaloweza mayina a miyala m'kope atakhala pamwala womwewo, osauzindikira. Nanga amuzindikiritse ndani, poti aphunzitsi akewo sanatengedwepo kuphiri kukaswa mwala n'kuuyesa?

Umbuli umenewu umapha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno munafa anthu oposa 1,000. Umasaukitsanso. Alendo akudziwa zimene zili pansi pa Kangankunde ndi Kasiya, eni nthaka tikungoyang'ana.

Choncho ndikuti boma litumize aphunzitsi a jogalafe kukatenga digiri, ndipo amene ali nayo akawonjezere yachiwiri ya sayansi ya dziko lapansi ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku MUST. Aziyendanso m'mapiri ndi akatswiri a Geological Survey, kuti pobwera akasule anzawo ku Domasi ndi ku Nalikule.

Ena ati ndalama palibe. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo ndalama za misonkhano ya kunyanja sindinaonepo zitasowa. Ena ati akaphunzira adzathawira ku migodi. Alipireni bwino, akhala. M'mera mpoyamba: mwana wodziwa chifukwa chimene phiri limagumukira sadzamanga nyumba m'khwawa.