Kadontho ka pansi pa injini

Loweruka lapitalo ndidafuna kupulumutsa ndalama ya makaniko. Galimoto yanga, Toyota Corolla yokalamba ija, idayamba kutentha ikamakwera mtunda wa ku Chikwawa, ndipo tidapeza kuti thermostat idakakamira. Ndidagula yatsopano ku Limbe n'kuimanga ndekha pansi pa mtengo wa mango.

Lamulungu m'mawa ndidapeza timadontho tofiirira pansi, kumunsi kwa injini. Mtima udangoti phwii, chifukwa Lolemba ndinkayenera kukatenga mayi ku Ntcheu kuti adzaonane ndi dokotala.

Mnansi wanga adasuzumira pampanda. "Achimwene, ingochotsani chimenecho. N'cha kumayiko achisanu, kuno n'kotentha kale."

Ambiri amaganiza choncho, koma si zoona. Thermostat ili ngati chitseko cha madzi. Injini ikakhala yozizira, chitsekocho chimatseka kuti injini ifunde msanga. Pa Toyota zambiri chimayamba kutseguka madzi akafika pa madigiri 82, kuti azikazizira ku redieta. Mukaichotsa, injini imachedwa kufunda, imadya mafuta ambiri komanso imaperepeseka msanga. Mafutawo, monga mukudziwa, masiku ano si oseweretsa.

Ndidayamba ndi kufufuza pochuchapo. Injini ili yozizira, ndidapukuta paliponse mpaka kuuma, ndidayala katoni pansi, kenako ndidailiza. Madzi amatsika, choncho pomwe adonthera sindiye pomwe achokera. Ndidalondola ndi tochi mpaka ndidapeza chinyontho pa chivundikiro cha thermostat, pomwe pamalowa paipi ya m'munsi ya redieta.

Nditadikira kuti izizirenso, ndidakhetsera madzi m'beseni n'kumasula. Apa m'pomwe ndidachita manyazi. Kamphira kozungulira thermostat, komwe kamatseka madzi, ndidabwezerapo kakale, kouma gwa. Katsopano kadali phee m'bokosi. Komanso nati imodzi ndidailimbitsa mpaka kumapeto inzake isadagwire, chivundikiro n'kukhala mopendekeka. Safunsa adadya phula.

Ndidapala dzimbiri ndi zotsalira zonse pamalopo mofatsa, osakanda chitsulo. Ndidaveka kamphira katsopano, ndipo kabowo kakang'ono kotulutsira mpweya ka pa thermostat ndidakalozetsa m'mwamba. Manati ndidawamanga mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Safuna mphamvu ya pa tayala: mukapyola muyeso, chivundikiro chimang'aluka. Kachitsulo komangira paipi ndidakabwezera mumzere wake wakale.

Pothira madzi, musatunge a pamjigo. Ali ndi mchere womwe umatseka timipata ta redieta. Thirani coolant, mtundu womwewo womwe udalimo. Ngati ndi wofunika kusungunula, sakanizani theka kwa theka ndi madzi a distilled. Kenako lizani injini chitsekerero cha redieta chili chotsegula, heater ili potentha, mpaka thovu litasiya kutuluka. Mpweya wotsalira m'kati umatenthetsa injini ngakhale zonse zili zatsopano. Mukatseka, yendani pang'ono, ndipo m'mawa mwake onaninso mlingo wa madzi.

Zinthu ziwiri musaiwale. Musatsegule redieta injini ili yotentha, madzi ake amathovoka n'kuwotcha nkhope. Chachiwiri, coolant amatsekemera koma ndi poizoni. Musamusiye m'beseni kapena m'botolo la zakumwa pomwe ana ndi agalu angafike.

Mukaona madzi akutha koma pansi pali pouma, utsi woyera ukutuluka kumbuyo, kapena oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, zimenezo si za pansi pa mango. Mwina head gasket yapsa, pitani kwa makaniko.

Lolemba m'mawa katoni idali youma. Ndidadutsa pa Zalewa, ndidafika ku Ntcheu, singano ya kutentha ili pakati osasuntha. Mayi pokwera adandiyang'ana zikhadabo zakuda n'kufunsa: "Kodi mwanawe, ntchito ya muofesi ija udaisiya?"