Kusambitsa nkhalamba sikudulidwa riboni

Mwera ukawomba ku Senga Bay mabwato amakhala kumtunda, ndipo masiku amenewo ndi pomwe umawaona bwino anthu amene nyanja inawatafuna n'kuwalavula. Amakhala pamthunzi akusoka ukonde wa eni, msana wopindika, maso ofiira ndi nyali za usiku. Amalume anga anali m'gulu limeneli mpaka chaka chatha. Moyo wawo wonse anakoka chilimira cha anthu ena, kulandira gawo la usipa m'mawa n'kudya tsiku lomwelo. Mlovi alibe penshoni. Lero anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo amene amawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwaperekeza kuchimbudzi ndi mdzukulu wawo wamkazi yemwe bwenzi pano ali mu fomu 2.

Mwezi watha ndinakhala nawo pa msonkhano wa chitukuko kumudzi kwathu. Anthu ankatchula zofuna zawo, mlembi akulemba: mjigo, mlatho, buloko ya sukulu, shedi ya pamsika. Nditakweza mkono n'kufunsa za okalamba amene sangathenso kudzuka okha, wapampando anandiyankha mwaulemu kuti imeneyo ndi nkhani ya pabanja, si chitukuko. Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinakhala pansi, koma mtima sunakhale pansi.

Sindikumuda wapampandoyo. Anangonena zimene tonsefe tinazolowera. Kuyambira 1998, pomwe kunabwera lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ija ya mphamvu ku anthu, dongosolo la khonsolo limayambira pansi pa mtengo. Komiti ya chitukuko ya m'midzi, ya VDC, imasonkhanitsa zofuna za midzi, n'kuzipereka ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Maganga, kwa Ndindi, kwa Kuluunda kapena kwa Makanjira. Kuchoka apo zimafika kuboma, komwe akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana amazisanja kukhala dongosolo la chitukuko la boma lonse, makhansala n'kuvomereza. Papepala njirayi ndi yabwino. Vuto ndi loti chimene sichinanenedwe pansi pa mtengo sichifika kuboma, ndipo agogo amene ali chigonere pamphasa sabwera kumsonkhano. Wowasamalirayo sabweranso, chifukwa awasiya ndi ndani? Onjezanipo kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala ndi mmodzi yemwe, muona chifukwa chake tinakula tikuganiza kuti chitukuko ndi njerwa zomwe wandale angaimepo n'kudula riboni.

Wina anena kuti ndikuiwala Mtukula Pakhomo. Sindinaiwale. Ndondomekoyi, yopereka ndalama kwa mabanja osauka, inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo Salima ndi limodzi mwa maboma oyambirira kuilandira. Ngakhale kafukufuku wamkulu woona ngati ikupindula, yemwe anayamba mu 2013, anachitikira konkuno kwa Maganga ndi kwa Ndindi, pamodzi ndi madera awiri a ku Mangochi. Yathandiza mabanja ambiri kudya kawiri patsiku, ndipo amene amainyoza sanagonepo ndi njala. Koma inakonzedwa kuti ifikire mabanja 10 okha mwa 100 aliwonse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito. Banja la nambala 11 limangoyang'ana. Ndipo kwa zaka zambiri boma lathu lakhala likulipira kuchokera m'thumba mwake ku Thyolo kokha, kwina konseku ndi ndalama za abwenzi akunja.

Ngakhale ndalamazo zitafika, ndalama sitembenuza munthu. Sichapa zofunda zonyowa. Siona kuti chilonda cha pamsana chayamba kununkha. Pamafunika manja a munthu, ndipo manja amenewo ndi omwe sindinawaone pa mndandanda wa tsiku lija.

Chodabwitsa n'choti manjawo alipo kale. Ku Salima konkuno kuli Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika omwe anayambitsa namwino Lucy Finch mu 2007, ndipo anthu ake amayendera odwala m'makomo mwawo. Kuli amayi a Mvano, amayi a dawa a kumizikiti, ndi anthu ongodzipereka omwe anaphunzira kusamalira odwala kumudzi nthawi imene Edzi inkatisesa. Kuli alangizi a zaumoyo omwe amadziwa khomo lililonse, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Chikombe. Onsewa amagwira ntchito aliyense payekha, mpaka atatopa kapena wothandiza wakunja atapakira katundu.

Ku England lamulo la 2014 limakakamiza khonsolo kukaona munthu wamkulu aliyense yemwe akuoneka kuti akufunika chisamaliro, kulemba zimene akusowa, kenako n'kuonetsetsa kuti woyenerera walandira chisamalirocho, kawirikawiri pochigula kwa makampani kapena mabungwe achifundo. Nawonso amalira kuti ndalama sizikwana, ndipo nyumba zawo zosungiramo okalamba sindikuzisirira. Amalume atati awachotse pomwe amamva mafunde, sangathe mwezi. Chimene ndikusirira ndi chimodzi: kumeneko pali ofesi yomwe imayankha mlandu nkhalamba ikasiyidwa yokha. Kuno amene amayankha ndi mwana wa fomu 2.

Poti khonsolo imatha kuitana makontirakitala, kusainirana nawo ndi kuwalipira akamanga chimbudzi cha pamsika, chingailetse n'chiyani kusainirana ndi gulu la amayi a m'mudzi kuti liziyendera okalamba khumi kawiri pa sabata, n'kulipatsa sopo, magolovesi, njinga ndi kangachepe ka mwezi? Poyambira pake sipafuna ndalama zambiri. Ndi kuwerenga basi: m'mudzi muno muli anthu angati omwe sangathe kudzisambitsa, ndipo akuwasambitsa ndani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, pafupifupi asanu ndiwo ali ndi zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo ambiri mwa iwo akadali ndi mphamvu zawo, akulera adzukulu. Ogoneratuwo si chikhamu chomwe chingagwetse bajeti.

Mu 2024 aphungu anavomereza lamulo la anthu okalamba, ndipo chaka chomwecho kunabweranso lamulo latsopano la anthu aulumali. Bungwe loyimira okalamba la MANEPO linalimbikira lamulo la okalambali zaka zambiri, makamaka poona okalamba akuphedwa powanamizira ufiti, monga anayi aja a ku Neno mu 2016. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe limafika pamphasa ya amalume pokhapokha litapeza mzere mu bajeti ya khonsolo. Nkhalamba yosiyidwa yokha, yosasamba, yoyankhula yokha chifukwa chosokonezeka mutu, ndi yomweyo imene mawa anyamata amailoza chala.

Anthu a m'mbali mwa nyanja kukonza zamtsogolo timakudziwa. Ku chilumba cha Mbenje a Makanjira amatseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kuti utaka uswane, ndipo asodzi amamvera. Tinakwanitsa kukonzera nsomba. Inu makhansala, ndi inu amene mumakhala m'makomiti a VDC, pamsonkhano wotsatira mlembi akamaliza kulemba mjigo ndi mlatho, muuzeni asatseke kaye buku. Alembenso mayina a amene sanathe kubwera.