Fupa ndi Chitsulo: Phindu la Muyeso

Aliyense amene anaonapo anyamata akutsetsereka msewu wa ku Chawe ndi njinga zosenza nkhuni adziŵa kuti tsoka silinunkha. Wothyoka amtengera kuchipatala chachikulu cha Zomba, ndipo mfundo ya m'chiuno ikaonongekeratu, thandizo lotsala ndilo kuikamo yachitsulo. Kodi fupa limagwirana nacho bwanji chitsulocho?

M'chaka cha 1952, Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anaika titaniyamu m'fupa la kalulu, ndipo pofuna kuchotsa anapeza kuti zamatirirana. Pambuyo pake Ann Wennerberg ndi Tomas Albrektsson, a ku Gothenburg, anayeza pamwamba pa zitsulo zotere, napeza kuti fupa limagwira bwino chitsulo chokhakhala pang'ono, cha mayikoromita 1 mpaka 2. Mayikoromita 1,000 ndiwo apanga milimita imodzi. Mmisiri womanga nyumba nayenso amayamba wakanda khoma kuti pulasitala agwire. Koma mutu wachitsulo wozungulira m'chiuno uyenera kusalala ngati galasi, chifukwa ukakandika umapala tizidutswa timene timadyetsa fupa, chitsulo n'kuyamba kugwedera.

Kwathu kuno chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, ndipo mu 2005 kunayambika kaundula wa odwala oikidwa mfundo zimenezi. Zitsulozo timaitanitsa kunja. Nanga chimodzi chikagwedera m'thupi la mbale wathu, adzatiyezera ndani kuti tidziŵe chalakwika?

Aphunzitsi anzanga, phunziro la miyeso tisamalithamangire. Inunso otsiriza sukulu amene maso anu ali ku Chirunga, kumbukirani kuti dokotala akamaika chitsulo amadalira munthu wina amene anayamba wachiyeza.