Mamilimita atatu angapulumutse moyo pa Chowe

Anthu a kwa Katuli akamapita ku boma la Mangochi kukagula katundu kapena kuchipatala, ambiri amadalira timagalimoto ting'onoting'ono monga Sienta ndi Probox. Ulendowo umadutsa m'mapiri a Chowe pa msewu wa Bakili Muluzi, pomwe pali mtsetse wautali ndi makona oopsa. Pamenepo moyo wa aliyense umakhala pa mabuleki.

Eni galimoto ambiri mabuleki akayamba kulira amangosintha mapadi basi. Amaiwala chimbale chachitsulo chomwe mapadiwo amakanikiza, chomwe amakaniko amati disiki. Nachonso chimaperepeseka.

Disiki iliyonse ili ndi malire ake, ndipo opanga amadinda nambala yake pachitsulo pomwepo pafupi ndi malemba akuti MIN TH. Pa galimoto zing'onozing'ono, disiki yakutsogolo yomwe imabwera yochindikala mamilimita 22 nthawi zambiri malire ake amakhala 19 kapena 20. Kusiyana kwake ndi kochepa kwambiri moti maso kapena chala sizingauze munthu zoona. Pamafunika chida choyezera chotchedwa micrometer, ndipo muyeso utengedwe malo angapo pomwe mapadi amakhudza, osati m'mphepete momwe mumatsala mlomo wonyenga.

Disiki yopyapyala imatentha msanga. Pamtsetse ngati wa Chowe, galimoto itadzaza anthu ndi matumba a chimanga, kutenthako kumafooketsa mapadi, mafuta a mabuleki amatha kuwira, ndipo chitsulo chimatha kung'aluka. Dalaivala amaponda koma galimoto osaima.

N'zoona kuti ndalama zikuvuta ndipo zipangizo n'zodula. N'chifukwa chake ena amakapalitsa disiki pamakina kuti isalale, kapena kugula yakale yochotsedwa pa galimoto ina. Koma kupala kumachotsanso chitsulo. Disiki ikafika pamalire, palibenso kuchitira mwina koma kuisintha, ndipo zisinthidwe zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere.

Amakaniko ayenera kuyeza disiki nthawi iliyonse akamasintha mapadi ndi kuuza mwini galimoto nambala yeniyeni, ngakhale akwiye. Oyeza galimoto asanapereke COF nawonso asamangoona nyali ndi matayala. Madalaivala azitsika phiri ndi giya yaing'ono m'malo mopondereza buleki njira yonse.

Okwera nawo ali ndi mbali yawo. Galimoto ikamanjenjemera kapena kukwecha dalaivala akaponda buleki, ndi bwino kulankhula, ngakhale kutsika kumene. Paja mbewa ya manyazi idafera kudzenje.