Mmera Mpoyamba: Ntchito Aikonzekera Akadali pa Sukulu

M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga mabanja ambiri amagulitsa ng'ombe, fodya ndi mbatatesi kuti mwana apitirize maphunziro apamwamba. Tsiku lolandira diploma mudzi wonse umavina. Koma pakapita miyezi, mwana uja amapezeka akuzungulira pa msika wa ku Ulónguè, kudikira kuti boma lilengeze concurso, mpikisano wolembera anthu ntchito. Makolo nkumafunsana kuti kodi ng'ombe ija inapitiranji? Zoona, ntchito n'zochepa. Komabe kawirikawiri mwanayo amakhala kuti anayamba kuganiza za ntchito atamaliza kale sukulu, pamene anzake anayamba akadali m'kalasi.

Sukulu zapamwamba zili pafupi tsopano. Universidade Zambeze, imene inakhazikitsidwa mu 2007, ili ndi nthambi yophunzitsa za ulimi ku Ulónguè komweko. Ku Tete kuli Instituto Superior Politécnico yophunzitsa za migodi, ku Songo kuli ina ya zamagetsi, ndipo ofuna uphunzitsi amalowa ku IFP. Chaka ndi chaka sukulu zimenezi zimatulutsa achinyamata okhala ndi pepala lofanana. Wolemba ntchito akaona mapepala khumi ofanana, amafunsa funso limodzi: mwa onsewa, ndani anagwirako ntchitoyi ndi manja?

Yankho lake lili mu estágio, nthawi imene wophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito pamalo ogwirira ntchito. Ena amangopita kukasainitsa pepala, nkubwerera. Wanzeru amafika m'mamawa, amafunsa mafunso, amalemba m'kope zimene waona, ndipo pochoka amapempha kalata yomuchitira umboni. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mkulu wa pamalopo akadzamva kuti pakufunika munthu, dzina loyamba kumubwerera ndi la mwana amene anaonetsa khama ndi ulemu.

Tchuthi nachonso ndi sukulu. Wophunzira za ulimi apemphe kachigawo ka munda kwa makolo ake, abzale mbatatesi kapena soya monga anaphunzirira, alembe ndalama za mbeu, feteleza ndi aganyu, kenaka ayerekeze ndi zimene wapeza pogulitsa. Ayendenso ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake. Wophunzira uphunzitsi asonkhanitse ana a m'mudzi madzulo, awathandize kuwerenga ndi masamu. Zimenezi ndizo adzanene molimba mtima pa tsiku lofunsidwa mafunso. Ndipo ntchito yolembedwa ikachedwa, kamunda kaja kadzamudyetsa. Makampani amasintha eni ake: Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, koma mu 2022 mgodiwo unapita m'manja mwa Vulcan. Luso la m'manja ndilo silichoka pa munthu.

Mwana wa m'malire ali ndi chuma china chimene ambiri amachinyoza: zilankhulo. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi m'sukulu zina za ku Tete, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anafalikira m'dziko lonse. Choncho mphunzitsi wodziwa kulemba bwino Chinyanja, osati kungolankhula, ali ndi mwai woposa anzake. Namwino ndi mlangizi nawonso amamvana bwino ndi agogo a kumudzi m'chilankhulo chao. Chingerezi chimathandiza pa zipata za Calómuè ndi Zóbuè, m'mabungwe ndi m'migodi. Wophunzira asadikire kumaliza sukulu kuti anole zilankhulo zitatuzi, ndiponso aphunzire kompyuta pamene sukulu ili nazo.

Chinthu china chimene chimagwetsa ambiri ndi mapepala. Concurso ikalengezedwa, masiku operekera makalata amakhala ochepa. Amafuna BI yosatha ntchito, NUIT, satifiketi ya sukulu, ndiponso umboni wakuti munthu analembetsa za usilikali, kalembera amene amachitika mu Januwale ndi Febuluwale kwa okwanitsa zaka 18. Kalata yosonyeza kuti munthu alibe mlandu imatha mphamvu msanga, choncho imeneyo aitenge nthawi ikayandikira. Amene anaphunzirako ku Malawi, kaya ku Dedza kapena ku Ntcheu, apemphe msanga equivalência, pepala lovomereza maphunziro akunja, chifukwa silituluka tsiku limodzi. Ayang'anitsitsenso kalembedwe ka dzina. Pepala lina likalembedwa Phiri, lina Piri, wolandira makalata akhoza kukana, ndipo kukonza kumatenga nthawi ndi ndalama za chapa kupita ku boma.

Makolo nawo ali ndi mbali yao. Mwana akabwera ku tchuthi, asamangomufunsa ngati wakhoza mayeso. Amufunse kumene adzachitire estágio, amene akumudziwa pa ntchito imene akuphunzirayo, ndiponso ngati mapepala ake ali m'malo. Akapempha kamunda koyeserera, ampatse, ngakhale kalimidwe kake kaoneke kachilendo. Malume amene amagwira ntchito ku Tete kapena ku Moatize amutsogolere kwa anthu odziwa ntchitoyo, osati kukamugulira malo ndi chiphuphu, pakuti ambiri ataya ndalama kwa akathyali olonjeza ntchito zosaoneka.

Mlimi wa ku Tsangano sadikira mvula kugwa kuti ayambe kusosa. Wophunzira amene ali m'chaka choyamba lero, nyengo yake yososa ndi ino.