Wina ku Chichiri, wina pa Chitakale: ulendo umodzi pa foni

Mu Julaye 2025, bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse. Komabe ana ambiri a pa Chitakale, omwe amadzuka n'kuona phirili tsiku lililonse, sanalowepo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ya ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ili pa mtunda woposa makilomita 60. Mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana, ali ku Karonga. Kholo liti lingakwanitse thiransipoti yake?

Apa ndi pomwe foni ingathandize. Munthu mmodzi amapita kumaloko, n'kuimba pa vidiyo kudzera pa WhatsApp kapena Zoom. Otsala kumudzi amaona chomwe kamera ikuloza pa nthawi yomweyo, namafunsa mafunso. M'mayiko ena amagwiritsa ntchito makamera ojambula mbali zonse, kapenanso maloboti a mateyala omwe munthu wakutali amawayendetsa yekha. Njirazi zinafala kwambiri mu 2020, pomwe Covid-19 inatseketsa sukulu ndi malo osonkhanira.

Inu amene mumayendera odwala m'midzi mukuwadziwa amene angapindule: mwana woyendera njinga ya olumala, mwana yemwe wagona mwezi wathunthu ndi pulasitala, gogo yemwe miyendo inafooka. Kutsalira anzako akamapita kokayenda kumapweteka mumtima.

Koma vuto lalikulu si netiweki yokha. Wogwira foni ndiye amasankha choti chioneke. Akatengeka ndi sitima yakale ya malasha yomwe ili panja pa Chichiri, amaiwala kuti kuli ena akudikira. Wakutaliyo amasanduka woonerera chabe, ngati akuonera kanema, ndipo posakhalitsa amatopa.

Choncho mukamakonza ulendo wotere, lolani otsalawo ndiwo azitsogolera. Iwo anene kuti "imani pamenepo" kapena "yandikirani". Wogwira foni aziyenda pang'onopang'ono, chifukwa chithunzi chogwedezeka chimachititsa ena chizungulire. Sankhani zinthu zochepa, muthe bandulo isanathe. Vidiyo imadya bandulo msanga kuposa mawu. Yambani mwapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo, ndipo musajambule nkhope za ana a eni makolo awo osadziwa.

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Phiri latchuka, ndipo anthu akunja adzafuna kuona Sapitwa ndi mkungudza ali kwawo. UNESCO inalemekeza phirili chifukwa cha chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, omwe amalitenga ngati malo a mizimu ya makolo. Si malo onse oyenera kulozedwa kamera. Mafumu, makolo ndi operekeza alendo a ku Likhubula akuyenera kugwirizana msanga zoyenera kuonetsa ndi zoyenera kusunga, komanso yemwe alandire ndalama mlendo akayendera phiri pa foni. Akachedwa, ena adzawasankhira.