ZA PAKHOMO PATHU: Chidole cha Mwana Si Fano



Mwezi wathawu, titaŵeruka kusukulu kuno ku Milonde, tinapeza mnyamata wa Sitandade 6 alikulira pansi pa mtengo wa mango. Titamfunsa, anati atate ake anamphwanyira chidole chake ndi kuchiponya m'chimbudzi. Chidolecho ife tinali titachiona kale. Thupi lake linali ladothi la pachulu, miyendo yamawaya, maso ake timababu ta tochi yakufa, ndipo pachifuwa anamatapo tizitsulo ta m'wailesi yoonongeka. Mwiniwake ankati ameneyo ndi msilikali wochokera ku nyenyezi, wonga amene anamuona pa kanema. Ntchitoyo inamtengera masabata atatu.

Tinapita kukacheza ndi bamboyo, amene ali Mkhristu mnzathu wokhulupirika. Iwo anatilandira mwaulemu nati: "Aphunzitsi, ine ndinachita mantha. Lamulo lachiŵiri likana mafano, ndipo chinthu chija sichinali munthu, sichinali nyama. Ndiponso mwanayu amangotaya nthaŵi kutoleza zinyalala m'malo moŵerenga." Makolo ambiri ali ndi mantha aŵiri omweŵa, choncho tiyeni tiŵalingalire mofatsa.

Poyamba, za fano. Tikaŵerenga bwino Eksodo 20:4-5 tiona kuti choletsedwa ndicho kupanga chifaniziro kuti tichigwadire ndi kuchitumikira. M'buku lomwelo, mutu 31, Mulungu anaitana Bezaleli mwana wa Uri, namdzaza ndi Mzimu wake kuti akhale mmisiri wa golide, siliva, mkuwa, miyala ndi mitengo. Bezaleliyo ndiye anasula akerubi aŵiri a pa likasa la chipangano (mutu 37). Aroni naye anasungunula golide napanga mwanawang'ombe, anthu namgwadira, Mulungu nakwiya (mutu 32). Onse aŵiri anagwira ntchito ndi golide, koma wina anamvera Mulungu, wina anapangira anthu mulungu wina. Ife tomwe tinakula tikuumba ng'ombe zadothi kudambo, nyanga zake zaminga, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anapembedzapo ng'ombe yake.

Chachiŵiri, za kutaya nthaŵi. Mwina tidzadabwa kumva kuti chimene anachita mnyamata uja ndi ntchito imene ena amadyerapo. Kanema wotchuka wa Star Wars, amene George Lucas anatulutsa m'chaka cha 1977, aonetsa zombo zazikulu zouluka pakati pa nyenyezi. Zombozo zinali zidole chabe. Amisiri ake ankagula zidole zapulasitiki za akasinja ankhondo, ndege ndi sitima, natenga tizidutswa take ndi kutimata pa zombo zawozo kuti zioneke ngati zenizeni. Kufikira lero ku America, ku Ulaya ndi ku Japan kuli akuluakulu amene pa nthaŵi yopuma amaphwasula zidole zogula, natenga mutu wa ichi ndi mkono wa icho, naumba zotsalazo ndi manja, napaka utoto, mpaka patuluka chidole chimene sichipezeka m'sitolo iliyonse. Iwo amalipira ndalama kuti apeze zipangizo. Mwana wa ku Milonde amazipeza kudzala.

Koma tisapite kutali. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ali mwana, ankapanga galimoto zoseŵeretsa ndi makatoni otayidwa. Atalekeza sukulu ya sekondale chifukwa chosoŵa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anatoleza zitsulo za njinga, chikupizo cha thirakitala ndi mitengo ya bulugamu, namanga makina oyenda ndi mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Anthu ena ankamuyesa wamisala pomuona alikufukula zitsulo zakutha. M'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Ngakhale galimoto zamawaya za ana athu zinadziŵika kunja: buku la ana lotchedwa Galimoto, limene Karen Lynn Williams analemba ndi kulitulutsa mu 1990, likamba za mwana wa m'Malaŵi wofunafuna mawaya. Alendo alikulemba mabuku za chinthu chimene ife tichiponda ndi mapazi!

M'kalasi taona kaŵirikaŵiri kuti mwana wodziŵa kupinda waya kuti mawilo anayi alingane savutika kumva za kuyeza ndi kugaŵa. Waphunzira kale kupirira, pakuti dothi likang'aluka pouma iye amayambanso osadandaula. Akulu anati m'mera mpoyamba. Tikathyola m'mera umenewu lero, amisiri a maŵa tidzaŵatenga kuti?

Sitikunena kuti ana angolekereredwa ai. Kholo lifunse mwana kuti alongosole chimene wapanga, pakuti pamenepo lidzadziŵa zimene zili mumtima mwake ndi zimene amaonera ku kanema. Kuumba kudze pambuyo pa ntchito zapakhomo ndi za kusukulu, ndipo kusaloŵe m'malo mwa Sande Sukulu. Waya asadulidwe pa mpanda wa mnansi kapena wa kuesiteti ya tiyi, pakuti lamulo lachisanu ndi chitatu likhudza ndi kawaya komwe. Tiŵachenjeze anaŵa asakhudze nthambo zamagetsi kapena kuswa mabatire. Tikumbukenso ana aakazi, amene ambiri a iwo tsiku limaŵathera kuchitsime. Nawonso Mulungu anaŵapatsa manja aluso.

Inu achinyamata, musachite manyazi ndi ntchito ya manja anu poona zidole zapulasitiki za kumsika wa Limbuli. Chogulacho aliyense wa ndalama angakhale nacho, koma chanucho chilipo chimodzi chokha pa dziko lonse.

Loŵeruka lapitali tinakumana ndi bambo uja alikuchokera kwa okonza njinga, atanyamula masipoko akutha m'thumba. Sanalankhule zambiri, anangoti, "Ndi a mwana uja." Ambuye atipatse ife tonse mtima wotere wovomera kubweza chimene tinaphwanya.

Tsalani bwino kufikira mwezi wamaŵa.